Wilibala Ziwiri za Dongo

Anthu akandifunsa chifukwa chimene sindiyankhira moni wa alamu anga mpaka lero, ndimawauza kuti zinayambira pa mtsuko. Amaseka, kuyesa nthabwala. Si nthabwala ayi. Mtsukowo ndinaumba ndekha ndi manja angawa, ndipo ndikanadziwa ndikanaupondaponda usanaume.

Tinali ku Joni nthawi imeneyo, ine ndi amuna anga, zaka zija azungu atangotula pansi boma, mabasi ochokera kwathu akufika odzaza sabata ndi sabata. Amuna anga ankalondera pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Jet Park. Ine ndinkagwira ntchito ziwiri. Masiku atatu pa sabata ndinkachapa ndi kusita kwa mzungu wina m'tauni ya Kempton Park, masiku otsalawo ndinkasamala adona okalamba amene tinkakhala pamalo pawo, kunja kwa tauniyo, kumene nyumba zimatalikirana ndipo aliyense ali ndi kapulazi kake. Adonawo anali mayi wamasiye. Anali ndi mahatchi awiri otha mano, ndi malo aakulu kuseri kwa khola amene ankangomera udzu.

Ine malo ongokhala amandiyabwa m'manja. Ndinapempha kuti ndilimeko pang'ono. Adona anaseka mpaka kutsokomola, nati dothi limenelo linakana amuna awo amene anali ndi thirakitala, ndiye lingamvere ine wa khasu? Koma anandilola. Anandilozera kuyambira pa khola kukafika pa waya wa kumunsi, nati ndikalephera ndisadzawalirire.

Sananame. Dothilo linali lofiira, louma gwa, khasu linkangodumpha. Chaka choyamba chimanga chinandilekeza m'mawondo n'kuyamba kumasula ngayaye, manyazi enieni. Koma ine ndine wamakani, amuna anga angachitire umboni. Ndinayamba kututa ndowe za mahatchi pa ndowa, pamutu, m'mawa uliwonse ndisanapite kukakwera minibasi. Masamba osesa pabwalo, phulusa, makoko a mbatata, mapesi, zitosi za nkhuku za pa nyumba yoyandikana, zonse ndinkakwirira m'mizere. Zaka zinayi ndikuchita zimenezo. M'chaka chachinayi dothi lija linada bii, ukapisa mkono unkalowa mpaka m'chigongono, nyongolotsi zili nyakatanyakata. Mbewu ndinachokera nazo kwathu, zomanga pa nsonga ya chitenje: chimanga cha makolo, khobwe, therere, ndi maungu aja a masamba a mawanga oyera. Bonongwe ndi luni ndinangowaza kamodzi, kenako zinkadzimerera zokha. Maungu ena ndinkawasiya dala kuti aolere m'munda momwemo, nthanga zidikire mvula.

Ku Joni munthu wobwera ulibe chako. Bedi ndi la abwana, chitseko ndi cha abwana, ngakhale dzina amakutchula limene lilime lawo lingathe. Koma dothi lakuda lija ndinalipanga ndine. Lamulungu tikachoka kutchalitchi anthu akwathu ankabwera kudzathyola nkhwani, ena n'kugwetsa misozi atangoona chimanga cha makolo chili chilili m'dziko la eni. Ndikaweruka mwendo uli ngati wa wina, ndinkavula nsapato n'kuima m'mizeremo, mtima n'kukhala pansi.

Dongo loumbira ndinalipeza mwangozi. Ndinkakumba ngalande kumunsi kwa munda kuti madzi asamaime, ndiye nditapyola dothi lakuda ndi lofiira lija, khasu linatuluka ndi china chotuwa, chonanda. Amayi anga anali oumba mbiya, choncho sindinafunike kuuzidwa. Ndinaluma pang'ono, mano sanakumane ndi mchenga. Ndinalipota m'manja n'kulikulunga pa chala, osang'aluka. Ndinakhala pansi m'ngalandemo n'kuseka ndekha ngati wamisala. Mtsuko woyamba unasweka pamoto chifukwa ndinapupuluma, ndipo mapale ake ndinawataya m'munda. Wachiwiri unatuluka bwino, ukaugogoda ukulira ngwee. Yonse iwiri ndinailemba m'khosi monga ankalembera amayi, mizere itatu ndi timadontho pansi pake.

Kwathu dongo samana. Mtapo ukakhala m'munda mwako, mnzako amabwera ndi dengu, amaodira, iwe umangoti tapani. Amatapa la miphika yake iwiri itatu, amakwirira pamene wakumbapo, amathokoza, basi. Amayi ankati womana dongo miphika yake imaswekera pamoto, ndipo ine ndinakula ndikukhulupirira zimenezo. Palibe anabwerapo ndi ngolo. Palibe ankafunika kuuzidwa polekezera, chifukwa manyazi ndi amene ankayeza dengu.

Alamu anga, mng'ono wa amuna anga, ankakhala ku Dukathole, m'tinyumba ta malata tija amati mikhukhu, ndipo ankagwira maganyu kwa omanga nyumba. Munthu wa pakamwa potsekemera, nsapato zoyera nthawi zonse ngakhale kuli matope. Tinkasereulana kwambiri, monga zimakhalira pa chilamu. Tsiku lina Lamulungu anamwa madzi a mumtsuko muja, anaugogoda ndi chala, anautembenuza uku ndi uku.

"Alamu, mtsuko uwu mwabwera nawo pa basi?"

"Basi yake iti? Ndaumba ndekha. Mumayesa manja awa ndi ochapira masokosi a achimwene anu okha?"

"Eish! Dongo lake mwalitenga kuti, muno mu Joni?"

Apa ndi pamene ndimadzitukwana. Ndinawagwira dzanja n'kupita nawo kumunsi, kukawaonetsa ngalande ija, ndikunyada ngati mwana wakhoza mayeso. Ndinawalumitsa dongolo. Ndinawauzanso kuti likuoneka kuti layala munda wonse pansi. Iwo maso anali akuyenda kuchokera pa waya kukafika pa khola.

"Mundigawireko, alamu. Wilibala ziwiri basi. Ndiumbe tinjerwa ndimange kakhoma, mkhukhu wanga uja mphepo ikungolowa ngati kwawo."

"Tapani," ndinatero. Sindinaganize kawiri. Sindinakumbuke n'komwe kuti malowo si anga, kuti kuno si kwathu, ndiponso kuti manyazi ena anatsala pa chipata cha dziko pamene ankadinditsa pasipoti.

Mwezi womwewo, chisanu chitangoyamba, adona anagwa m'bafa n'kuthyoka m'chiuno. Mwana wawo wamwamuna anadzawatenga kupita nawo kwake, kutali, natisiyira makiyi a geti, mahatchi ndi galu. Ine ndinali nditakolola kale, m'munda munatsala mapesi ndi maungu oola aja. Alamu anabwera Loweruka ndi wilibala yobwereka, anatapa ziwiri, anakwirira bwinobwino, anathokoza mpaka kuwomba m'manja. Ndinawaphikira tiyi.

Sabata yotsatira ndikuchokera ku Kempton Park ndinapeza amuna anayi osawadziwa ali m'ngalande muja ndi mapiki. Pambali panali zikombole zitatu ndi mgolo wa madzi, njerwa zaziwisi atazindandalika pamwamba pa mizere yanga. Ndinafunsa kuti awa ndi ayani. Alamu anati ndi anzawo a ku Dukathole, nawonso mphepo ikuwavuta, kodi dongo lija layamba liti kukhala ndi tsankho? Ndinati ndinalola wilibala ziwiri. Anaseka, nati wilibala za ku Joni ndi zazikulu.

Ndinakawauza amuna anga. Anamvetsera akumanga zingwe za jombo, nati, "Mayi, mwana uja wavutika. Chibale ndi fupa, sichiola. Angoumba uvuni umodzi apeze poyambira, ndikamulankhula." Sanamulankhule. Amuna anga ndi munthu wabwino, koma ubwino wawo ndi uja wa mphasa, aliyense amakhalapo. Ankachoka madzulo, kubwera m'mawa, kugona tsiku lonse atafunda bulangeti kumutu, mapiki akulira kuseri kwa zenera lawo.

Uvuni umodzi unabala wachiwiri. Nthawi imeneyo aliyense ku Joni ankamanga, m'malokeshoni anthu akuwonjezera zipinda, njerwa zikufunika ngati mchere. Kunayamba kubwera kagalimoto ka bokosi kumbuyo, kenako lole. Anadula waya wa kumunsi n'kupanga msewu wawo. Kwathu njerwa timaotcha ndi nkhuni, koma iwo ankaotcha ndi malasha osakaniza ndi matayala akale, utsi wake wachikasu, wonunkha, wokhalitsa m'chisanu. Mahatchi anayamba kutsokomola. Zovala ndikayanika zinkada ndisanazianule. Ankadziwa masiku anga a kutauni, ndipo masiku amenewo ndi amene ankakumba ngati awalodza.

Ndinalimbana nawo, asaname munthu kuti ndinangoyang'ana. Zikombole ndinaziponya m'dzenje. Njerwa zaziwisi ndinaziponda ndi mapazi mzere wonse. Ndinalemba malire ndi khasu pakati pa munda, n'kunena kuti wodutsa apa ndimutema. Tsiku lina ndinaima pa msewu wawo uja lole ikubwera, dalaivala akuliza hutala, ine osasuntha. Alamu anatsika, nsapato zili mbee, anabwera pafupi n'kulankhula motsitsa mawu, mwaulemu wake uja.

"Alamu, musatenthe mtima. Ngati talakwa, foni ili m'nyumba mwa adona umo. Imbani ku polisi. Koma akafika ayamba kufunsa mapepala a ndani? Ife tithawa, tili ndi miyendo. Inu ndi achimwene mukhala pompano."

Ndinasuntha. Masiku a pasipoti yanga anali atatha kalekale, a amuna anga chimodzimodzi, ndipo iwo ankadziwa chifukwa tinawauza tokha, monga abale. Mawu amenewo sindinawakhululukire, ndipo sindikuona kuti ndidzawakhululukira. Munthu amene ndinkamupakulira ndiwo za m'munda womwewo anatenga mantha anga n'kuwasandutsa loko wa pakamwa panga.

Choipitsitsa chinachitika Lachitatu lina. Ndikutsika minibasi ndinamva kulira kwa chikatapila, ndinathamanga thumba likundimenya m'nthiti. Ndinapeza chatha ntchito, akuchikweza pa lole. Kuti afike msanga pa dongo, anapala dothi lonse lakuda, la zaka zinayi, kuyambira pa khola mpaka pa waya, n'kuliunjika mulu umodzi pakona. Munda unangoti psuu, kufiira. Ndinakwera pa muluwo n'kukhala pamwamba, ndikulira ngati pamaliro, anyamata a zikombole akuseka. Ndinadzitonthoza kuti bola lilipo, akadzachoka ndidzalibweza ndi ndowa ngakhale zinditengere chaka. Lachisanu ndinapitanso kuntchito. Pobwera mulu uja panalibe, panangotsala mikwingwirima ya matayala. Alamu anati analichotsa chifukwa linkatchinga njira.

Miyezi itatu zinayenda choncho. Malole akulowa ndi kutuluka masana dzuwa likuswa mtengo, utsi ukuoneka uli kumsewu waukulu, koma panalibe wa boma ndi mmodzi yemwe amene anaima kufunsa. Chimene chinawabweretsa ndi makatani. Mzungu wa pulazi yoyandikana anakadandaula kuti utsi ukudetsa makatani a mkazi wake.

Anabwera m'mawa wina pa galimoto yoyera ya khonsolo, bambo wachikuda mnzathu, wa tayi, fayilo ili m'khwapa. Alamu ndi anthu awo atangoona galimotoyo analumpha waya, ndipo miyendo analidi nayo. Ine anandipeza m'mbali mwa dzenje, matope mpaka m'mawondo, ndikukokola ndi manja tidothi takuda totsalira m'mphepete mwa waya n'kumaika mu ndowa. Aliyense wondiona akanati mwini njerwa ndi ameneyu. Anayamba m'Chizulu, ataona kuti ndikukakamira anasakaniza ndi Chingerezi.

"Mama, ndani analoleza anthu kukumba pano?"

Ndikanatha kunama. Ndikanati sindikudziwa, ndimakhala kuntchito. Koma funsolo linali lolunjika, ndipo ine sindinaleredwe kukana mawu anga.

"Ndine. Ndinati tapani."

"Ndinu mwini malo?"

"Ayi. Mwini munda."

Anandiyang'ana, analemba. Ndinafotokoza kuti ndinalola wilibala ziwiri, kuti kwathu dongo samana. Iye anasuzumira m'dzenjemo, loti basi ikhoza kubisalamo, madzi obiriwira atayamba kale kusonkhana pansi, nabwereza pang'onopang'ono kuti, "Wilibala ziwiri." Kenako anandiphunzitsa lamulo. Anati kukumba dongo logulitsa ndi chimodzimodzi kutsegula mgodi, kumafuna chilolezo. Anati malo olima saloledwa kuwasandutsa maenje, chifukwa dothi lapamwamba likapita silibwera. Anati maenje otere amamiza ana, amaswetsa udzudzu, amaononga madzi a m'zitsime, ndipo utsi wa matayala umadwalitsa chifuwa.

Chimene chinandipsetsa mtima n'chakuti zonse zimene ankanenazo zinali zoona. Ankandiuza ine, ine amene, kuti dothi lapamwamba ndi lamtengo wapatali! Ndinamufunsa kuti lamulo labwino chonchi linali kuti miyezi itatu yonseyi. Anati sanalandire dandaulo. Ndinati nanga ine ndikanadandaula bwanji? Anayang'ana mapazi anga, anayang'ana kumbali, ndipo sanafunse za mapepala. Pa chimenecho chokha ndimamuthokoza. Koma m'fayilo mwake munalowa kuti wantchito wa pamalopo wavomera kuti ndiye analoleza.

Kalata inapita kwa mwana wa adona, yomulamula kuti akwirire maenje ndi kugwetsa mauvuni masiku owerengeka asanathe, apo ayi alipitsidwa. Anafika nkhope ili gwaa. Sanakuwe, ndipo bola akanakuwa. Anaima pa khonde n'kunena kuti amayi ake anatikhulupirira ngati ana awo, ndipo ali chigonere pa bedi akufunsa ngati maungu anga abereka. Anatipatsa mpaka kutha kwa mwezi. Amuna anga anangoti zyoli, chipewa chili m'manja. Ine ndinayesa kufotokoza za alamu, koma iye anati, "Geti anatsegula ndani?" Geti loyamba ndinatseguladi ndine.

Ndinamupempha chinthu chimodzi, osati cha ine koma cha malowo. Ndinati pokwirira ayambe ndi zibuma za njerwa zosapsa, dothi lofiira pamwamba, ndipo ndowe za mahatchi zilipo, amene adzabwere pambuyo pathu adzayambira pamenepo. Anandiyang'ana ngati ndalankhula za m'maloto. Dothi amagula, iye anatero, pamene zinyalala za m'mafakitale eni ake amakubweretsera okha n'kukuthokoza. Sabata imeneyo malole anayamba kubwera kuchokera mbali ya ku Jet Park. Anakhuthula zidutswa za konkire, phula wa mumsewu, magalasi, mawaya, phulusa lotuwa loyabwa m'maso, ngakhale chimbudzi chosweka ndinachiona chikugubuduka. Chikatapila china chinabwera kudzasalaza, n'kuwaza kadothi kofiira pamwamba, kochepa ngati shuga wa pa mandasi.

Bambo wa kukhonsolo uja anabweranso kudzayendera, kutatsala masiku awiri kuti tisamuke. Anayenda kuchokera pa khola kukafika pa waya, anaponda mwamphamvu apa ndi apo, anagwedeza mutu kukhutira. Ine ndinali ndikumanga katundu, koma ndinalephera kupirira. Ndinatenga khasu n'kupita kukaima patsogolo pake.

"Bambo, temani apa."

"Mama, si ntchito yanga imeneyo."

Ndinatema ndekha. Khasu linalira ngwee, moto unathetheka, mpini unandigwedeza mpaka m'mapewa. Ndinatemanso pena, linatuluka ndi waya. Ndinamufunsa ngati uwu ndi munda umene lamulo lake lija limateteza. Iye anatsegula fayilo n'kundionetsa pepala, akuloza ndi cholembera. Dzenje latsekedwa, inde. Malo asalazidwa, inde. Madzi oima palibe. Mauvuni agwetsedwa. Ndinafunsa kuti nanga mzere wofunsa ngati pangamere chimanga uli pati? Anati mzere umenewo palibe. Anasaina, mwana wa adona anasaina, anagwirana chanza. Nkhani ya munda wanga inathera pamenepo, aliyense atakhutira.

Tinasamukira ku Dukathole, poti kwina kunalibe. Alamu sitinawapezeko. Tinamva kuti apeza pulazi ina kutsogolo, ya mzungu wina wodwala, ndipo agula galimoto. Mkhukhu wawo uja tinauona, kakhoma ka njerwa panalibe ndi kamodzi komwe. Ife tinapeza kachipinda ka malata koti ukatambasula manja ukhudza uku ndi uku, pakhomo pakudutsa ngalande ya madzi oipa, popanda ngakhale pobzala tsabola. Mbewu zanga zinali m'botolo pansi pa bedi. Amuna anga tsiku lina anayamba kuti, "Komabe mwana uja," ine ndinangowayang'ana, ndipo sanamalize.

Ntchito ya ku Kempton Park ndinali nayobe. Mvula yoyamba itagwa, mzungu wa kumeneko anandiitana ndikusita, nati wa m'maluwa wadwala ndipo udzu wachuluka m'maluwa a kutsogolo, ndisiye kaye nsimbi ndikazule alendo asanabwere. Kutsogoloko sindinkapitako kawirikawiri, ife tinkalowera geti la kumbuyo. Ndinatenga ndowa n'kukagwada.

Choyamba ndinaona bonongwe. Ndinati bonongwe amamera paliponse. Kenako luni, ali ndi timasamba take tisanu. Kenako, pansi pa duwa lina la minga, timaungu titatu, masamba a mawanga oyera. Ndinapisa dzanja m'dothimo, linalowa mosavuta, lofewa, lakuda, lonunkhira khola la mahatchi. Chala chinakhudza chinthu cholimba. Ndinachitulutsa n'kuchipukuta pa epuloni. Linali phale, lili ndi mizere itatu ndi timadontho pansi pake.

Ndinalowa m'nyumba osapukuta mapazi, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo, n'kufunsa kuti dothi la m'maluwalo analitenga kuti. Mzungu uja anasangalala kuti ndafunsa. Anati anagula m'nyengo yachisanu, tsiku limene ine kunalibe, kwa mlamu wanga, munthu waulemu kwambiri, amene anabwera ndi lole n'kunena kuti ndamutuma ndine. Anati anzake atatu a mumsewu womwewo anagulanso atamva kuti ndi m'bale wanga. Chiyambire kubzala maluwa sanaonepo dothi labwino chotere, kungoti lili ndi udzu wambiri. Anandipempha kuti ndikaonana naye mlamu wangayo ndimuuze abweretse lole ina.

Ndinaima pamenepo, phale lili m'manja. Ndinafuna kukuwa kuti dothilo ndi langa, kuti ndinalisenza pamutu zaka zinayi, kuti chimene akuti udzucho ndi ndiwo za kwathu. Koma ndikanayambira pati, kwa munthu amene wagula chinthu chake mwachilungamo ndipo alendo ake afika posachedwa? Iye anayang'ana matope amene ndinasiya pa kapeti, anayang'ana wotchi.

Ndinabwerera kukagwada. Ndinazula bonongwe yense, ndinazula luni, ndinagwedeza mizu bwinobwino kuti dothi litsale, poti linagulidwa. Timaungu tija ndinatisiyira kumapeto. Ndinatiyang'ana nthawi yaitali, kenako ndinatizulanso, chifukwa ntchito imene anandituma inali imeneyo. Ndowa itadzaza ndinakakhuthula m'bini, ndinasamba m'manja, n'kukamaliza kusita malaya a abwana.